A Rozina, mayi amene ankalira maliro pa maukwati

Disembala uno ndi woyamba kutha popanda alamu anga a Rozina, ndipo nyimbo zoipa za chaka chino zapulumuka. Zikungoyendayenda pamsika wa Bangula zitakweza mapewa, palibe wozifunsa kuti kwawo n'kuti. A Rozina tinawaika m'manda nthawi yokolola mapira. Amayi a pamzere wa nsomba ndiwo andikakamiza kuti ndilembe za iwo, ati poti ine ndilibe ntchito ina kupatula kusuntha mpando kutsata mthunzi. Sindinatsutse, chifukwa sananame.

Anali mkazi wa achimwene anga, malemu a Zuze. Anakwatiwa kwathu ine ndikadali kubusa mbuzi, ndipo kuyambira pamenepo mpaka imvi kundimera sanandipatseko ulemu wa "inu". Ndinali "iwe Thomu", ndipo akakondwa ndinali "mwamuna wanga wa sipeya". Ine ndinkawabwezera kuti "mkazi wanga wa pakamwa". Alendo ankayesa tikukangana, chikhalirecho ndi chilamu chabe. Anabadwira tsidya, ku Mozambiki, n'kuwolokera kuno ali mtsikana. Chimang'anja ankagulitsira nsomba, Chisena ankakalipira.

Anthu a ku Ngabu ndi ku Nchalo amawakumbukira ngati mayi wamisala uja wolira pa maukwati. Ndifika kumeneko. Koma muyambe mwadziwa za mlamba.

Moyo wawo wonse anagulitsa mlamba wowamba ndi nsomba za makakana, kumapeto kwenikweni kwa mzere. Tsoka lawo linali lakuti kumanja ndi kumanzere kunamangidwa tizipinda ta nyimbo. Poyamba munali ogulitsa makaseti, kenako madisiki, lero muli anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi. Makina ankasintha, phokoso ayi. Aliyense ankalozetsa sipika yake kunsomba ngati nsombazo ndizo zigule. A Rozina sanakhalepo ndi wailesi kunyumba, ankati munthu amene mtsinje umadutsa pakhomo pake sakumba chitsime. Ankatinso nyimbo iliyonse yotuluka m'dziko muno aimva kambiri kuposa mwini wake woimba, popanda kufunsidwa ngati akufuna, choncho ufulu woiweruza anaugula ndi makutu awo.

Mwambo wake sindikudziwa kuti unayamba liti. Tsiku lomaliza la chaka, dzuwa litapendeka ndipo ogula atachepa, ankavundikira dengu n'kukhalapo. Eni tizipinda ankatsitsa phokoso okha. Ashapa, aja a kabaza, ankaimika njinga, ogulitsa mapira ankasiya matumba, ine ndinkafika msanga kuti ndipeze poyedzamira. A Rozina ankatchula nyimbo imene yaposa zonse chaka chimenecho, ndipo mwini kachipinda amene ankakonda kuiika, kapena woimbayo akakhalapo, ankalandira mlamba waukulu kuposa onse. Ankaiikanso pomwepo, iwo n'kuvina ndi mapewa okha poti maondo anali atapuma pantchito. Kenako ankatchula nyimbo yoipitsitsa. Imeneyo inkaletsedwa kumveka pamzere wa nsomba chaka chonse chotsatira. Ukaiika, amayi onse ankatenga mabeseni ndi zikuni n'kugogoda mpaka utazima. Ndinaonapo mnyamata wina wamakani akulimbana nawo, iye kukweza, iwo kugogoda, mpaka agalu a pamsika anasamukira kudepoti. Anagonja ndi mnyamatayo.

Ankati nyimbo uziiyeza magetsi akazima. Kuno magetsi amazima ngati amalipidwa kutero, ndiye mayeso sankasowa. Masipika akati zii, iwo ankatchera khutu kuti amve chimene chatsala m'kamwa mwa anthu. Imene washapa akuiimba atanyamula matumba awiri ndi mayi pamwamba, imene wina akuing'ung'udza ali ndi dengu pamutu, imeneyo ankati ili ndi miyendo yakeyake. Imene yafa limodzi ndi magetsi ankaitcha mwana wa jenereta.

Chaka china mlamba anaupereka chifukwa cha nyimbo ya bambo wina wa ku Ngabu, wosadziwika, wa mawu ngati chitseko cha nkhokwe, wodandaula za thonje. Analima, anapopera, anatola dzuwa likumuswa, ogula n'kumuuza kuti thonje lake ndi la giledi yotsika. Gitala wake ankalira mokhota. Anyamata anati imeneyo ndi yachimidzi. A Rozina anati m'chaka chonsecho ndi nyimbo yokhayo imene inaimitsa mwamuna wamkulu pakati pa msewu kuimvera mpaka kutha, nsomba ili m'manja, ntchentche zikumutera. Chaka chomwecho analetsa ya mnyamata wa m'tauni amene kuyambira poyamba mpaka pomaliza ankangotchula dzina lake. Anati ameneyu amayi ake anamuiwala padepoti ya basi, akudziitana yekha. Za mawu odutsa m'makina aja ankati ndi udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Ine nditayamikira ina ya ku Joni, yogunda m'chifuwa ngati mtondo, anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti n'chifukwa chake ndinakhala wa sipeya.

Sankaopa ndi nyimbo za mapemphero zomwe. Ataletsa ina yotchuka, mkulu wa mpingo, a Bandazi, anabwera atavala jekete dzuwa la Bangula lili pamutu.

"Mayi, mwayamba kuletsa mawu a Mulungu pamsika?"

"Mwaimvetsa bwino nyimboyo, abambo? Kuyambira mutu mpaka mchira ndi adani okhaokha, agwe, apse, atuwe. Ameneyu sakuyankhula ndi Mulungu. Akutukwana mnzake woyandikana naye nyumba, koma wadzera kumwamba poopa kumenyedwa."

A Bandazi anakhosomola, nagula makakana. A Rozina anawaikira basera.

Tsopano za Manuwele. Anali mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi amene anamwalira Manuweleyo akadali wamng'ono, ndipo anamulera ndi iwo. Panthawi imene ndikunenayi anali bambo wa ana ake, woyendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe, koma mtima wake unali pa kuimba. Malipiro akatuluka ankakajambula nyimbo ku kasitudiyo kena ku Nchalo. Chaka ndi chaka ankayembekeza mlamba, chaka ndi chaka ankabwerera ndi fungo lokha. Agogo akewo ankati mawu ali nawo, chimene alibe ndi choti anene.

Amayi ochokera kwawo kwa a Rozina ali ndi nyimbo imodzi imene amaimba bokosi likamatuluka m'nyumba. Saiimba pa china chilichonse. Ndi ya Chisena chakale, imakamba za bwato lochoka padooko lopanda nkhafi, ndipo imauza wochokayo kuti asacheuke poti madzi adzaza kale m'mbuyo mwake. Amene ankaiyambitsa kuno anali a Rozina. Achimwene anga a Zuze atamwalira anaiyambitsanso okha, ngakhale anali namfedwa. Tsiku limenelo Manuwele anakweza foni m'mwamba n'kujambula. Tinamuona, tinangoti akusunga chikumbutso.

Mvula ya chaka chotsatira itatha, ndinali pamzere wa nsomba ndikudya mutu wa mlamba umene sindinagule. Sipika ya Fanuwelo, mwini kachipinda ka kumanja, inagunda ng'oma zamakina, kenako kunatuluka mawu a mkazi wachikulire akulira mwamuna wake. Mzere woyamba wokha, kubwereza ndi kubwereza, ng'oma zikuuthamangitsa, Manuwele akufuula pansi pake kuti manja m'mwamba. A Rozina ankakulunga nsomba m'pepala. Manja anaima. Kenako anamaliza kukulunga, napatsa wogula.

"Fanuwelo, akulirayo ndani?"

"Ndinu, ayavu," anatero Fanuwelo, monga timaitanira agogo kuno. "Mwatchuka. Anthu akuifuna mpaka ku Limbe."

A Rozina anatembenukira kudengu lawo. Ine ndinawadziwa mayi amenewa kuyambira ndili ndi mamina, ndipo ndinali ndisanawaonepo atasowa mawu. Mutu wa mlamba uja ndinausiya.

Nyimboyo inayenda ngati madzi osefukira. M'maminibasi, m'malo omwera, pa zinkhoswe, pa maukwati. Ana ankaivina popita kusukulu. A Rozina anakhala chete miyezi yambiri, chifukwa lamulo lawo linali lakuti woweruza sayankhula Disembala asanafike. Anandiululira tsiku lina kuti ng'oma zija mwanayo anaziika pamalo pake, ndipo zimenezo ndizo zinkawawawa kwambiri. Ikanakhala yoipa ikanafa yokha.

Chimene chinawadzutsa chinachitika kwa Maseya. Mng'ono wake wa Dolika, mayi amene amagulitsa moyandikana nawo, anataya mwana wake wamkazi pobereka. Tinapita. Bokosi likutuluka, a Rozina anayambitsa nyimbo ija, amayi n'kulandira. Ndinaona phewa la mnyamata wina wonyamula bokosi likugwedezeka. Kumbuyo wina anaika ng'oma ndi pakamwa, pang'onopang'ono, mwina osadziwa n'komwe kuti akutero. Atsikana awiri anabisa nkhope m'zitenje, koma sikunali kulira. Mayi wa malemu anadzutsa mutu, anamva. Amayi anadula nyimbo pakati n'kuyamba ya m'buku la kutchalitchi. Kuchokera tsiku limenelo panalibenso wolimba mtima kuiyambitsa pamaliro.

M'minibasi pobwerera anandikoka malaya.

"Iwe Thomu, nyimbo ija waipha ndi mwana wanga, waiphera ndi mawu anga. Ine ndikafa adzanditulutsa m'nyumba ndi chiyani?"

"Tidzakutulutsani ndi wilibala, mkazi wanga."

Sanaseke. Anangoti aibweza.

Disembala ameneyo anthu anadzaza mpaka kumzere wa tomato. Aliyense ankadziwa kuti mlamba ukupita kunyumba. Manuwele anabwera ndi anzake atavala magalasi akuda. A Rozina anakhala padengu, napereka mlamba chifukwa cha kanyimbo kena ka mtsikana wodandaula apongozi, anthu n'kuyang'anana. Kenako anati nyimbo yoipa kuposa zonse, chaka chimenecho ndi zaka zonse zimene akhala padengupo, ndi ya mdzukulu wawo.

Manuwele anavula magalasi.

"Ayavu, nyimbo zanuzi zikufa. Ndani mwa anyamata awa ankaidziwa? Ine ndaiukitsa. Lero dziko lonse likumva mawu anu."

"Likumva ndi chiyani? Ndi makutu kapena ndi chiuno?"

"Nthawi yasintha."

"Imfa nayo yasintha? Ine ndinkalira agogo ako. Iwe wanditenga ndikulira n'kukandiimika pakati pa oledzera. Uichotse."

"Siingachotsedwe. Ili m'foni ya aliyense. Utsi subwerera m'nkhuni."

"Nkhabe," anatero a Rozina, kukana m'Chisena, ndipo akafika pa liwu limeneli ndiye kuti nkhani yatha.

Mwanayo sankanama. Mabeseni anaithamangitsa pamzere wa nsomba, koma kunja kwa msika inkalira ngati kale. Ukwati wopanda nyimbo imeneyo sunkatchedwa ukwati. Ine ndinawauza kuti agonje, munthu sumenyana ndi mafoni a dziko lonse uli ndi beseni. Anandifunsa kuti Loweruka likudzali kuli ukwati kuti.

Unali ku Ngabu, wa mwana wa bambo wina wogula thonje. Sanatiitane. A Rozina anasiyira Dolika nsomba, navala chitenje chatsopano, ine n'kutsatira poti ndinamva kuti kuli mpunga ndi mbuzi. Masana, perekaniperekani atafika pachimake, dije anaika nyimbo ija ndipo anthu anakuwa n'kuthamangira kutsogolo. A Rozina anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo. Anavula nsapato, anamasula duku, anamanga chitenje m'chiuno monga amangira anamfedwa, anakhala pansi atatambasula miyendo. Ndiye analira. Sikunali kuseweretsa ayi. Analira maliro enieni, akuimba limodzi ndi mawu awo a m'sipika, n'kupitiriza mizere imene Manuwele anaidula, akuitana a Zuze ndi dzina. Misozi inkatsika. Ine amene ndinapitira mpunga ndinapezeka ndikukumbukira achimwene anga.

Ovina anaima mmodzimmodzi. Woyendetsa mwambo anawerama ndi maikolofoni m'manja.

"Agogo, pepani, kuno n'kuukwati."

"Ine ndamva nyimbo ya maliro, mwanawe. Bokosi lili kuti? Ndionetseni ndimulire bwino."

Mawuwo anamveka m'masipika onse. Mkwatibwi anayamba kulira. Azakhali a mkwati anaimirira n'kunena kuti awa ndi malodza, banja lolilidwa tsiku loyamba silikhala. Dije anazima. A Rozina anadzuka, anasasa fumbi, anamanganso duku. Ataika nyimbo ina anavina nawo ndi mapewa, naponya kangachepe m'mbale ya akwati, ndipo anadya kuposa ine.

Chilimwe chonsecho Loweruka lawo linali limenelo. Ankafunsa kwa ashapa kumene kwamangidwa tenti, n'kukwera. Anatukwanidwa kuti ndi mfiti. Ena anati ukalamba wawalowa m'mutu. Kwina anawakankha n'kugwera pamipando, bondo linatupa ngati dzungu, Loweruka lotsatira anapita ndi ndodo. Malonda anatsika poti Dolika sakanatha kusamala madengu awiri, nsomba zina zinkafumbwa. Ana awo anabwera kudzawapempha kuti asiye kuchititsa banja manyazi. Anawayankha kuti manyazi samuika munthu m'manda.

Ku Nchalo anawakonzekera. Mwini ukwati anaika anyamata pageti ndi lamulo lakuti mayi wachikulire wa ndodo asalowe. A Rozina sanakangane nawo. Anakhala pamthunzi kudikira. Nyimbo ija itangoyamba mkati, anathyola nthambi za nimu n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira posonyeza kuti pano pagwa zovuta. Anakhala pageti n'kuyamba kulira. Ashapa ankatsika njinga n'kumakankha. Magalimoto ankadutsa pang'onopang'ono. Abambo ankavula zipewa. Amayi ena ochokera kuchigayo anatula ufa n'kukhala nawo pansi, mmodzi n'kufunsa kuti wamwalira ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Bambo wa mkwatibwi anatuluka thukuta lili kamukamu, nagwada pafumbi ndi suti yake.

"Amayi, tazima. Chonde chotsani masambawa."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena a Rozina, nachotsa okha, nthambi imodziimodzi, mosafulumira.

Nkhani imeneyo inayenda kuposa nyimbo. Ankhoswe anayamba kuuza madije ukwati usanayambe kuti ika zonse koma ija ayi. Ngakhale kumene a Rozina sakanafika, anthu ankaopa nkhalamba iliyonse yolowa ndi ndodo. Amayi ena achikulire ku Nsanje, amene sanawaonepo n'komwe, anayamba kuopseza kuti nawonso akhala pansi. Oyendetsa minibasi ankaidumpha, ati imabweretsa ngozi, ngakhale zimenezo a Rozina sananene. Pofika Disembala wotsatira sinkamvekanso pagulu. M'mafoni inalimo ndithu, ena ankaimvera ndi timawaya ta m'makutu. A Rozina anati zimene munthu amachita m'makutu mwake n'zake.

Mtengo wake analipira ndi Manuwele, ndipo iwonso. Kumene ankamuitana kukaimba anasiya. Anyamata anamupatsa dzina loti Wamaliro. Anasiya thirakitala, anatenga mkazi ndi ana n'kupita ku Blantyre osatsanzika. Zaka zinadutsa, moni osatumiza. A Rozina sananenepo kuti analakwa, ndipo ine sindikuwanenera. Koma Disembala aliyense akayandikira ankafunsa Fanuwelo, ngati nkhani yongodutsa, ngati kwabwera kalikonse kochokera kwa uja. Akaika, ankamvera atafulatira, akusanja nsomba zosanjidwa kale. Chaka china Manuwele anatumiza nyimbo yake yeniyeni, ya munthu wogona m'chipinda cha lendi akulota kutentha kwa kwawo. Magetsi atazima ndinamva washapa akuiimba. Ndinawanong'oneza kuti mpatseni mlamba mwanayu abwere kunyumba.

"Yayamba kumera mano," anatero, "koma ilipo ina yoiposa. Ndikampatsa chifukwa ndi wanga, mlamba usanduka matemba."

Anapatsa wina. Usiku sindikudziwa kuti ankagona bwanji, koma m'mawa anali pamzere.

Kuthamangitsa nyimbo pa maukwati kunali theka la ntchito. Pamaliro amayi ankaopabe. A Rozina anayamba kuiyambitsa okha, mawu atatha kale mphamvu, nthawi zina mpaka kumapeto popanda wolandira. Kenako Dolika anayamba kulandira. Kenako awiri, atatu. Koma ankaimba maso ali pa anyamata, ndipo a Rozina ankati nyimbo yoimbidwa ndi maso aulonda sinachire.

Atadwala matenda awo omaliza ndinapita kukawaona. Anali atagona pamphasa pakhonde, atachepa ngati mwana. Anathamangitsa ana awo kuti ayankhule ndi mwamuna wawo wa sipeya.

"Iwe Thomu, moyo wako wonse sunagwirepo ntchito. Ndikupatsa imodzi."

"Ngati ndi ya chokolo, ndakalamba, mkazi wanga."

"Pamaliro anga usalire. Kulira kwako n'koipa, umamveka ngati mbuzi yokodwa. Iwe uime pamalo okwera uziyang'ana ziuno. Chikagwedezeka chimodzi, udziwe kuti ndalephera, ndipo uwauze amayi asadzaiimbenso. Kuli bwino tiikwirire kusiyana n'kuti izisekedwa."

Ndinalonjeza. Mwa malonjezo onse amene ndinapatsa akazi m'moyo wanga, limeneli ndilo ndinasunga.

Manuwele anafika m'mawa wa tsiku loika, pagalimoto ya lole, ndi masipika akuluakulu obwereka kuti anthu amve ulaliki ndi mauthenga. Anthu anali ambiri, a nsomba, ashapa, madije amene ankawatukwana, ndi mabanja ena amene anawalirira pa ukwati ndipo mpaka lero akadali limodzi. Manuwele anangopereka moni n'kupita kumasipika ake. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, ndikuganiza kuti mawaya amenewa atibweretsera zina. Nthawi yotulutsa bokosi itakwana, anapita yekha kumakina n'kuzula waya. Anayenda kutsogolo kwa anyamata amene anali atakweza kale mafoni, osakweza mawu, akungoti tsitsani, tsitsani. Anatsitsa. Iye n'kukagwira bokosi kumutu.

Ine ndinakwera pachulu ndi ndodo yanga. Dolika anayambitsa, amayi n'kulandira onse, ndi ena amene sindinkadziwa kuti amaidziwa. Mzere woyamba uja, umene chigwa chonse chinauvina, unadutsa. Ndinayang'ana ziuno za anyamata, za atsikana, za amayi a mabanja, ntchito imene ndikanaikonda ndili mnyamata koma tsiku limenelo sinandikomere. Palibe chinagwedezeka. Ndinene zoona zonse: bambo wina amene anabwera atalawa kale anayamba kugunda pansi ndi chala chachikulu cha kuphazi. Mkazi wake anachiponda ndi chidendene osamuyang'ana n'komwe, ndipo chinakhala chete mpaka kumanda. Malamulo anali a ziuno, za zala sanatchule. Amayi anaimba nyimbo yonse mpaka bwato litafika kumene limafika. Ngati Manuwele analira sindikudziwa, ine maso anali pantchito.

Dzulo ndinapita kumsika. Malo awo kumapeto kwa mzere akadali opanda munthu, ngakhale pamzere umenewo anthu amalimbirana ndi pokwana phazi limodzi. Dothi lake ndi lakuda ndi mafuta a nsomba a zaka zonsezo, mvula yagwa koma silinasuluke. Njerwa ziwiri zimene ankatsamiritsa bondo zili pomwepo, ndipo ogula amazilambalala m'malo mozidumpha. Fanuwelo anatembenuza sipika yake kulozetsa kumsewu, ati kuimbira malo opanda munthu kumamuchititsa mantha. Amayi anandipempha kuti chaka chino ndikhale padengu ndine. Ndinakana. Ine nyimbo iliyonse imandikomera ndikakhuta.

Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako ndinakumbukira kuti mizere ya pakati ya nyimbo ija sindiidziwa bwino, poti ife amuna timakhala kutsogolo ndi bokosi. Ndinati ndiilembe muno kuti isatayike. Ndinasendera kwa Dolika, amene ankaingitsa ntchentche ndi kanthambi.

"Mayi, tandiimbireni pang'ono ija ya bwato, motsitsa, ndingotenga mawu."

Dolika anayang'ana malo opanda munthu aja, kenako ine.

"Kwafa ndani, a Thomu?"

"Palibe. Ndikungofuna kulemba."

"Ndiye dikirani. Tsiku lanu likadzafika tidzakuimbirani yonse, mudzamvere muli m'kati. Mugula nsomba kapena mukungotchinga makasitomala?"